Pakhonde la Madrasa: Alangizi Apita Kunja Kukaphunzira, Nanga Chigwembe Chathu?

M'kope lapitalo tinadandaula za ana amene amajomba ku madrasa nyengo ya dzinja, ndipo ena mwa inu munatilembera kuti vuto ndi makolo amene amatuma ana kumunda. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma kwathu kuno, cha ku Ulongwe m'boma la Balaka, ana ena amajomba kaamba ka chigwembe.

Pakati pa madrasa yathu ndi midzi iwiri ya kumtunda pali chigwembe chimene ife tili ana chinali kanjira ka mbuzi chabe. Amayi ankachidumpha ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Mvula ya mu Januwale 2015 inachikumba mpaka kulekeza m'chiuno, ndipo atadutsa namondwe Freddy mu Malichi 2023 munthu wamkulu akaimamo mutu suonekera. Mvula ikagwa masana ana a kumtunda sawoloka, ndipo sitingawakalipire, poti tikanakhala makolo awo nafenso sitikanawalola. Tsopano chayamba kudya cha kumanda. Mwezi watha tinapima ndi mapazi, ndipo kwatsala mapazi 14 okha kuti chifike pamanda oyamba.

Zaka zingapo zapitazo tinali ndi mlangizi wosamalira nthaka, mnyamata waulemu amene ankabwera panjinga yamoto ndi kuyendera chigwembecho pamodzi ndi a mfumu. Tsiku lina anatiuza kuti wasankhidwa kupita kutsidya kwa nyanja kukaphunzira za kasamalidwe ka nthaka ndi madzi kwa miyezi ingapo. Tinakondwa zedi, tinamutsanzika ndi mpunga ndi nkhuku. Anabwerako ndi setifiketi ndi zithunzi zambiri za mapiri odulidwa makwerero kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo tinazionera pakhonde lomwe lino. Sipanathe miyezi inayi, anamusamutsira ku ofesi ya m'tauni, poti tsono anali wophunzira kwambiri. Chaka chotsatira tinamva kuti walowa ntchito ku bungwe lina. Sitimuda mnyamatayo, nayenso ali ndi ana oti awadyetse. Koma zimene anakaphunzirazo sizinakhudze khasu ngakhale limodzi la m'mudzi mwathu.

N'chifukwa chake tsiku lina titatuluka mu mzikiti Lachisanu, mkulu wina anatiimitsa nati, "A Mwalimu, inu amene mumalemba m'magazini, kalembeni kuti maulendo akunjawa n'kudya ndalama chabe. Ndalama ya ndege imodzi ikanatigulira miyala yotseka chigwembe chonsechi." Tinayankha kuti, "Bambo, tamva, tikalemba, koma mutilole tikalembe ndi mbali inayo." Mbali inayo ndi iyi.

Zambiri zimene alangizi amatiphunzitsa lero zinabwera m'dziko muno chifukwa wina anayenda. Udzu wa vetiva umene timabzala m'mbali mwa akalozera kwawo ndi ku India, ndipo unatchuka m'zaka za m'ma 1980 pamene akatswiri a World Bank, makamaka John Greenfield, anaona mmene ukugwirira nthaka m'minda ya kumeneko n'kuyamba kuufalitsa m'maiko ena. Mtengo wa gilisidiya kwawo ndi ku Central America. Bungwe la ICRAF, limene likulu lake lili ku Nairobi, linayamba mu 1992 kuuyesa pamodzi ndi chimanga pa Makoka, kufupi ndi Thondwe m'boma la Zomba, ndipo munda woyeserawo unaonetsa kuti masamba ake akakwiriridwa m'mizere chimanga chimabereka bwino chaka ndi chaka ngakhale feteleza achepe. Akatswiri a maiko ena akhala akubwera kudzaona mundawo, motero si ife tokha amene timapita kwa anzathu. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, anatero akuluakulu, ndipo pamenepa sananame.

Koma kalumo kakuthwa kamachekanso. Agogo athu amakumbukira mawu oti malimidwe. M'zaka za m'ma 1930 ku America mphepo inaulutsa dothi la minda yambirimbiri, ndipo boma la kumeneko linakhazikitsa nthambi yosamalira nthaka mu 1935 motsogozedwa ndi Hugh Bennett. Nzeru za migula ndi milambala zinafalikira kuchokera kumeneko mpaka kwa akuluakulu a zaulimi a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Kuno ku Nyasaland anakhazikitsa lamulo mu 1946, ndipo m'zaka zotsatira munthu wosaunga mizere kapena wosakumba migula ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa, ena kuzuliridwa mbewu. Nzeruyo payokha sinali yoipa, poti mizere yopingasa ndi imene timalima mpaka lero. Koma inabwera ndi chikoti, osafunsa mwini munda, ndipo anthu anaida kotero kuti chipani cha Congress chinapezerapo otsatira ambiri m'midzi. Chotero si nzeru yokha imene imafunika, komanso njira imene nzeruyo yalowera m'mudzi.

Makomo opitira kunja alipo ambiri ndithu. Kale alangizi akuluakulu ena a m'maiko a kuno ankapita ku Silsoe ku England, sukulu imene inatchuka pa za kukokoloka kwa nthaka. Ena amapita ku Netherlands kukaphunzira kujambula mapu a nthaka, ena amapeza mwayi wa Commonwealth. Bungwe la JICA la ku Japan limatenga ogwira ntchito m'boma kupita nawo ku Japan pa maphunziro a masabata kapena miyezi, ndipo kuyambira mu 1995 linathandizanso maphunziro a za nkhalango za m'midzi ku Muguga m'dziko la Kenya, kumene a zankhalango a maiko a kuno ankakumana. Ndipo chifukwa chowatumizira chilipo. World Bank inayerekeza mu 1992 kuti hekitala iliyonse m'Malawi imataya matani 20 a dothi pachaka, ndipo kafukufuku wina anapeza kuti pofika 2014 anali matani 29. Tawerengani nokha: amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, pahekitala imodzi, chaka chimodzi. Dothi limenelo limatsika ndi mitsinje ngati Rivirivi kukalowa mu Shire, n'kukadzaza madamu a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Mu 2016 boma linalonjeza pamaso pa maiko kuti lidzakonzanso mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Ntchito yotere singatheke popanda anthu ophunzira bwino, ndipo apa sitigwirizana ndi mkulu uja.

Funso lathu ndi loti: amapita ndani, amapita kuti, ndipo akabwerako amakhala kuti?

Tikuuzeni za ulendo umodzi umene ife timauona kuti unapindula kuposa maulendo ambiri a pandege. Kumpoto kwa dziko la Burkina Faso, m'chigawo cha Yatenga, kunali mlimi dzina lake Yacouba Sawadogo. Ali mwana makolo ake anamutumiza ku Mali kukaphunzira Qur'an, monga mmene inu mumatitumizira ana anu. Sanaphunzire ku koleji ya zaulimi. Chilala chitavuta m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anthu akuthawa m'midzi, iye anatenga khasu n'kupita pamalo ouma gwa pamene panalibe ngakhale udzu. Makolo a kumeneko anali ndi njira yakale yokumba timaenje totchedwa zai. Iye anatikulitsa, n'kumatikumba m'chilimwe mvula isanagwe, n'kuthiramo manyowa. Chiswe chikamatsata manyowawo chimaboola nthaka yolimbayo, ndipo mvula ikagwa madzi amaima m'dzenjemo n'kulowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. M'maenjemo ankabzala mapira ndi mchewere, ndipo njere za mitengo zobwera ndi manyowa zinkamera momwemo. Anzake ankamuyesa wamisala. Patapita zaka, pamalo paja panali nkhalango ya mahekitala pafupifupi 40.

Chimene chimatikhudza ife aphunzitsi n'chakuti Sawadogo sanabise. Kuyambira cha m'ma 1984 ankaitanitsa alimi a midzi yambiri kawiri pachaka kwawo ku Gourga, kudzasinthana mbewu ndi kudzaona maenjewo ndi maso. Tsono mu 1989 chitukuko china chothandizidwa ndi bungwe la IFAD chinatenga alimi 13 a ku Illela m'dziko la Niger kupita nawo ku Yatenga. Sanali mabwana a m'maofesi, anali anthu a khasu. Anaona, anafunsa, anabwerera kwawo n'kukayesa pa minda yawo. Anansi ataona kuti mchewere wa m'maenje wapirira chilala anayamba kutengera, ndipo m'zaka zochepa maenjewo, amene ku Niger amati tassa, anafalikira pa mahekitala zikwizikwi, kufikira poti malo oguga amene kale munthu sakanawalandira ngakhale mwaulere anayamba kugulidwa ndi ndalama. Sawadogo analandira mphotho ya Right Livelihood mu 2018 ndipo anamwalira mu Disembala 2023. Allah amuchitire chifundo.

Taonani kusiyana kwake. Alimi 13 aja anapita kudziko lofanana ndi kwawo, la dzuwa lomwelo, la umphawi womwewo, kumene chida ndi khasu lomwelo. Ndipo pobwerako panalibe wowasamutsira ku tauni, poti munda susamuka. Mnyamata wathu uja anakaona makwerero omangidwa ndi simenti ndi makina, zinthu zokongola ndithu, koma ngakhale akanakhala, akanayambira pati m'mudzi mopanda ngakhale wilibala?

Ku Niger komweko kunachitikanso china. Mu 1983 Tony Rinaudo, wa ku Australia, amene ankagwira ntchito ndi mishoni ya Chikhristu pakati pa alimi a Chihausa ku Maradi, atatopa ndi kubzala mbande zimene zinkangofa, anazindikira kuti tizitsamba ta m'minda tija ndi mphukira za zitsa za mitengo yakale, zimene mizu yake ili moyo pansi. Ukasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kusadza zinazo, n'kuziteteza ku moto ndi ziweto, mtengo umakula msanga kuposa wa m'chubu. Alimi anaphunzitsana okhaokha, ndipo akatswiri amati mahekitala okwana 5 miliyoni a ku Niger anabiriwiranso ndi mitengo pafupifupi 200 miliyoni. Lero alangizi athu amaphunzitsa zimenezi kuno ndi dzina lachingerezi la zilembo zinayi, FMNR. Ndipo umodzi mwa mitengo imene a ku Niger amanyadira, umene amautcha gao, ndi msangu wathu womwe uno. Titafotokozera agogo athu aakazi za mtengo wodabwitsa umene umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe, kotero kuti suphimba chimanga koma umachithira manyowa, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mwanawe, mpaka azungu akuuzeni zimenezo? Amene anadula misangu ya m'munda mwanga n'kuotcha makala ndi amalume ako omwe." Tinasowa poyankha.

Sikuti kuno kwathu sikunayesedwe njira yabwino. Mu 2007 boma ndi JICA anayambitsa chitukuko chotchedwa COVAMS m'midzi ya mafumu Kuntaja ndi Kapeni ku Blantyre, ndipo gawo lake lachiwiri, kuyambira 2013 mpaka 2018, linafika ku Balaka, Neno ndi Mwanza. Njira yake anaitengera ku chitukuko china cha ku Senegal. Mudzi unkasankha wokha alimi otsogolera, alangizi n'kuwaphunzitsa, iwo n'kukaphunzitsa anzawo m'mudzi momwemo, pamunda weniweni, ndipo aliyense wofuna ankaloledwa kubwera. Maphunziro ake anali atatu basi: kuunga mizere motsata akalozera, kusamalira mitengo, ndi kutseka zigwembe. Panalibe zoti asankhidwe anthu asanu okaphunzira ku hotela. Ku Machinga nako chitukuko cha PERFORM cha USAID chinagwira ntchito ndi midzi yozungulira nkhalango ya Liwonde kuyambira 2014 mpaka 2019. Koma zitukuko zimatha. Bungwe la USAID lenilenilo linatsekedwa ndi boma la America mu 2025. Galimoto zikapita, chotsala m'mudzi ndi chimene chinalowa m'mitu ndi m'manja mwa anthu okhala momwemo.

Ife a madrasa nkhani yoyenda kukafuna maphunziro si yachilendo. Mashehe akale a m'mbali mwa nyanja, monga Shehe Abdallah Mkwanda ndi Shehe Thabit Ngaunje, anapita kugombe la nyanja yamchere kukaphunzira, ulendo wa miyezi wapansi. Timawakumbukira lero chifukwa pobwerako anakhala pansi ndi ophunzira, ophunzirawo n'kukatsegula madrasa kwawo, mpaka unyolo umenewo unafika kwa amene anatiphunzitsa ife. Nafenso pomaliza ku koleji aphunzitsi athu sanatifunse kuti tapeza mamalikisi angati. Anatifunsa kuti tikukaphunzitsa mudzi uti. Tikanakonda akuluakulu a zaulimi ku Liwonde, kumene kuli likulu la Machinga ADD loyang'anira Balaka, Machinga, Mangochi ndi Zomba, atamafunsa funso lomwelo. Mlangizi akapatsidwa mwayi wopita kunja, alonjeze polemba kuti pobwerako akhala m'dera lomwelo zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kukwezedwa kwake kumupeze ali konko. Masiku ano mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa chikwi, malo ena zikwi ziwiri kapena zitatu. Kumuchotsa m'dera atangophunzira kumene kuli ngati kukumba chitsime n'kuchikwirira madzi atangotuluka.

Ndipo pa anthu khumi opita kukaona za anzathu, theka akhale alimi, ndipo pa alimiwo amayi asachepe. Kuno kwathu ambiri tili pachikamwini. Munda ndi wa mayi ndi mbumba yake. Bambo banja likatha amanyamula chikwama n'kubwerera kwawo, ena ali ku Joni zaka zisanu osaponda m'munda. Amene adzakhalepo mpaka msangu utakula ndi mayi. Nanga bwanji pamndandanda wa opita kukaphunzira timangoona mayina a abambo? Amuna anzathu ena amakaniza akazi awo kupita ngakhale pa ulendo wa tsiku limodzi wokaona munda wa boma loyandikana nalo. Ngati nkhawa ndi ya mayendedwe, komiti ya mzikiti ingathe kukonza kuti amayi apite pagulu ndi wowaperekeza. Zimenezi timachita kale pa maulendo a maukwati ndi a maliro.

Kwa makolo amene ana anu akumaliza Fomu 4 tili ndi mawu awiri. Tonse timafuna mwana akhale dokotala kapena wowerengera ndalama, ndipo akasankhidwa ku Bunda kapena ku Natural Resources College, zimene tsopano zili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ena mumachita ngati mwana walephera. Mwana amene akaphunzire za nthaka kapena za nkhalango, kaya ku Lilongwe kaya ku koleji ya zankhalango ku Chongoni m'boma la Dedza, ndiye amene mawa adzapeze makomo akunja tawatchula aja. Islamic Development Bank inayamba mu 1983 kuthandiza ophunzira a Chisilamu a m'maiko amene si mamembala ake, ndipo zaulimi zinaikidwa pamodzi ndi zaudokotala ndi zauinjiniya. Thandizolo linakonzedwa ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja, imene wophunzira akayamba ntchito amabweza ku thumba la m'dziko lake lomwe kuti lithandize ena. Ife mwana wa m'madrasa mwathu amene anasankha za nthaka sitinamuonebe.

Tibwerere ku chigwembe chathu. Nkhaniyi titaikamba pa msonkhano wa makolo, mayi wina wa kumtunda, amene ana ake atatu ndi ena mwa ojomba aja, anaimika dzanja. Iyeyu zaka zapitazo anapita nawo pa lole ndi alimi anzake kukaona midzi ya ku Blantyre kumene anatseka zigwembe. Ulendo wa tsiku limodzi, chakudya chake chinali mabanzi ndi Sobo. Anati, "A Mwalimu, inu mukufuna kuthira miyala pafupi ndi manda, pamene chakula. Pamenepo madzi adzangoinyamula. Chigwembe amachigwira kumutu. Tiyambe ndi minda ya kumtunda, tiunge mizere yopingasa ndi ngonyeka kuti madzi achepe asanafike. Kenako tiike timipanda ta zikhomo, nthambi ndi miyala m'timifuleni tating'ono timene timachidyetsa, tifupitifupi, pakati pakhale potsika kuti madzi adutse pamwamba osaboola m'mbali. Dothi likaunjikana kuseri kwake tibzalepo vetiva ndi nsungwi." Tinamufunsa kuti, "Mayi, nanga zaka zonsezi munali chete bwanji?" Anati, "Munandifunsa liti?"

A mfumu avomera, ndipo eni minda isanu ndi umodzi ya kumtunda avomera, kupatula mmodzi amene akuti mizere yopingasa imuchedwetsa. A mfumu akuti akambirana naye. Mlangizi amene tili naye tsopano walonjeza kubwera ndi chingwe ndi levulo kudzatithandiza kukhoma zikhomo za akalozera. Vetiva tapempha kwa mlimi wina wa mudzi woyandikana nawo, ndipo tamubzala kaye kuseri kwa mzikiti kumene kumathera madzi a wudhu, kuti achulukane mvula isanafike. Ana a kalasi yaikulu ndi amene akumuyang'anira kuti mbuzi zisamuzule akadali wanthete.

Ntchito iyamba Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala tikangoswali Fajr, insha Allah. Amene muli pafupi bwerani ndi makasu, zikwanje ndi matumba akale. Amene kwanu munatsekapo chigwembe chachikulu chonga ichi, ku Ntaja, ku Nsanama, ku Phalula kapena kwina kulikonse, tilembereni kudzera kwa mkonzi mutiuze kumene muli, poti komiti yasonkha kale ndalama ya minibasi ya anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, oti abwere kudzaona. M'kope la mwezi wa Malichi tidzakuuzani kuti mapazi 14 aja atsala angati.